Yunifomu ya Jacinta

Pamaliro a Jacinta panalibe nyimbo. Amayi anadzaza m'nyumba mmene munagona thupi, abambo anakhala pansi pa mtengo wa mango, adzukulu anali atapita kale kukaona malo kumanda, koma woyambitsa nyimbo panalibe. Kumangomveka kutsokomola ndi kulira kwa apo ndi apo, kenaka zii.

Yoswa, mlongo wake wa malemuyo, anakhala panjerwa kuseri kwa khitchini. Anali atatopa kutopa kosabweretsa tulo. Chichokereni ku koleji ku Blantyre, kumene ankaphunzira za makompyuta, ntchito yake inali imodzi: kudwazika achemwali ake, kuwakweza panjinga kupita nawo kuchipatala, kubwera nawo. Impso zinakana. Kukoleji sanabwerere, ndipo anzake anafika poleka kumufunsa. Tsopano ngakhale ntchito yodwazikayo inali itamuthera.

A Silas, mkulu wa mpingo, anamupeza pomwepo. Anavula chipewa nanjuta pambali pake.

"Pepa, mwana wanga. Lamulo ukulidziwa. Mlongo wako watisiya ali wodulidwa. Ife tabwera ngati anansi, ndipo kumanda tikapereka pemphero limodzi. Koma kwaya ayi, mtanda ayi. Amayi a bungwe savala yunifomu, ndipo iyenso saikidwa ndi yake."

"Mlanduwo anaukana mpaka tsiku lomaliza."

"N'chimene chinavuta. Akanavomera n'kulapa, bwenzi tinamubwezera kalekale." A Silas anazunguza chipewa m'manja. "Akulu ampingo tikumana dzuwa likapendeka, titsimikize za mawa. Ngati uli ndi mawu, ubwere nawo. Koma misozi si umboni."

Mlanduwo Domasi yense ankaudziwa, ena ankachita kuyenda nawo m'mafoni. Jacinta anali ndi kasitolo pamsika, kotayipa ndi kusindikiza mapulogalamu a ukwati ndi a maliro. M'dzinja lapitalo amayi a bungwe ankalangiza mkwatibwi wina, Tasha. Mayi ake a Tasha anali atafa ziwalo, sakanatha kufika, ndiye amayiwo anapempha Jacinta kuti ajambule mawu onse pa laputopu yake, akawamvetse mayiyo kunyumba, basi afufute. Sabata isanathe, malangizo a kuchipinda aja anali pa siteji ya kabaza, anyamata akufa nazo kuseka. Jacinta anadulidwa, natseka sitolo, natsekera laputopuyo m'sutikesi. Sanaigwirenso.

Yoswa anadzuka.

* * *

Mayi Dina, mtsogoleri wa bungwe la amayi, anali kumpanda akupeta mpunga wa pamaliro. Anavala chitenje wamba ndi duku wofiirira, ngati aliyense wodzera.

"Amayi, ndifunseko za tsiku lija."

"Lero, Yoswa? Mlongo wako ali pamphasa?"

"Mawa ndikhala nditachedwa."

Mayiwo anapitiriza kupeta, mankhusu akugwera pamapazi a Yoswa. Kenaka anaika lichero pansi.

"Funsa."

"Panalibe wina amene anajambula ndi foni?"

"Mafoni onse analowa m'lichero pakhomo. Lichero ndinakhalira ine. Ngakhale a mkazi wa abusa anaponyamo yawo. Chojambulira chinali chimodzi, cha mlongo wako."

"Mutamaliza anapita kuti?"

"Anagona kwanga, kunagwa mvula. Mmawa wake, Loweruka, tinapita limodzi kwa mayi ake a Tasha. Anamvera, analira, anaseka, ndipo Jacinta anafufuta ine ndikuona ndi maso angawa."

"Pakati apo sanaitsegule laputopuyo?"

"Anatsegula mmawa, tisananyamuke. Ankatumiza pulogalamu ya ukwati kwa akuchimuna ku Liwonde. Analumikiza ndi foni yake. Ine ndinali pambali pake, kuonetsetsa kuti maina a ankhoswe sanalakwike."

"Munaona akutumiza china?"

"Ine za makinawa ndizidziwira kuti? Ndinangomva akudandaula kuti bandulo ya intaneti ikumuthera ngati mchere m'madzi, chikhalirecho wangotumiza kapepala kamodzi." Anamuyang'ana m'maso. "Koma makina satumiza okha, Yoswa. Ukudziwa chimene ndinaona ine? Mwana wa mwana wanga, wa sitandade faifi, akundiyeseza mawu pachitsime. Mawu amene ine ndinawalandira nditagwada, ndinawamva pasipika ya m'shabini. Ndinkamukonda Jacinta kuposa atsikana onse a m'bungwe muja. Usaganize kuti ndavala chitenjechi mokondwa."

Ananyamula lichero lija. Yoswa anatsala ndi mawu amodzi okha: bandulo.

* * *

Kuti afike kuchipinda anayenera kudutsa pakati pa amayi, atawerama, osayang'ana pamphasa. Sutikesi inali pansi pa bedi. Laputopu inagona pamwamba pa yunifomu: bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku woyera. Anaisolola natseka msanga.

Akutuluka, galimoto yapikapu inali ikuima pabwalo ndi bokosi lochokera ku Naisi, lonyezimira, la zogwirira zagolide. Amene anatsika kutsogolo anali Hopeson, mwamuna wake wa Jacinta. Anali atafika dzulo lake kuchokera ku Joni, kumene ankagwira ntchito pamalo omwetsera mafuta. Maso anali ofiira, foni ili m'manja, ikungonjenjemera ndi mauthenga a chipepeso.

"Eish, alamu. Mwaliona bokosi? Mpingo ukane, koma mkazi wanga sapita ngati galu." Maso ake anagwera pa chimene Yoswa anapanira m'khwapa. "Nanga icho n'cha chiyani lero? Katundu wa malemu sagwidwa tisanasese, mukudziwa inu."

"Muli chithunzi chawo chabwino. Cha papulogalamu."

"Zithunzi ndili nazo m'fonimu, zambirimbiri."

"Ichi anachikonda okha."

Hopeson anatsegula pakamwa, koma abambo ena anamuitana kuti adzathandize kutsitsa bokosi. Yoswa anakwera njinga. Atafika pokhota anacheuka. Alamu ake anali atagwira ngodya ya bokosi, koma nkhope inali kumsewu.

* * *

Kenny ankaika nyimbo ndi mafilimu m'makhadi a anthu pamsika, m'kakontena kotentha ngati uvuni. Anali ndi sola, ndiye magetsi akazima, aliyense ankathera kwa iye. Ataona Yoswa anatsitsa voliyumu.

"Aise, pepa kwambiri. Ndimati ndibwera madzulo."

"Ndibwereke soketi. Batire inatha moto kalekale." Yoswa analumikiza chaja nakhala pakreti. "Kenny, mawu aja unawatenga kuti?"

"Mawu ati?"

"Ndatopa, aise. Usandizungulitse."

Kenny anakanda m'mutu. "Ine ndinangolandira ngati wina aliyense. Chabwino, ndinaikirako anthu m'makhadi, sindikana. Munthu akabwera n'kunena kuti ndiikire za azimayi zija, ine ndimuthamangitse? Koma kuba sindinabe. Sisi Jacinta fulashi yawo sinkafika n'komwe pano, ankati makina anga ali ndi mphere."

"Anakutumizira ndani?"

"Zinagwa pagulupu ya mpira. Dikira." Anapukusa foni yake kwa nthawi, akung'ung'udza. "Iyi. Lamulungu lake, anthu akutuluka m'tchalitchi. Anaponya ndi Nickson."

"Nickson wake uti?"

"Wa kuseri kwa chigayo, uja anapita ku Joni chaka cha chimphepo. Nambala yake ndi iyi, ya konko. Analemba kuti, tamverani zimene akuphunzitsana azimayi akwanu."

Yoswa anayang'ana nambalayo. Mawu ojambulidwa m'nyumba ya ku Domasi, ofufutidwa Loweruka, anatulukira ku Joni asanamveke pamsika wa Domasi. Jacinta ndi Nickson sankapatsana ngakhale moni.

"Nicksonyo amakhala ndi ndani kumeneko?"

"Aaa, anyamata akuno ku Joni amangounjikana malo amodzi ngati nsikidzi. Ukaponda mmodzi, onse amva."

Laputopu inayaka. Pagalasi panatuluka Jacinta ataima pakhomo la sitolo yake, akuseka, dzanja lili m'chiuno. Yoswa anayamba kufufuza. Pulogalamu yosaka mavayirasi inayenda ulendo wake wonse niti zonse zili bwino. Anatsegula fayawolo, mlonda uja amene amayang'anira chilichonse chotuluka m'kompyuta kupita pa intaneti. Nayonso inalibe dandaulo. Mapulogalamu amene inkawalola kutuluka anali odziwika okhaokha, woyamba burawuza, yomwe Jacinta ankatumizira makalata.

"Waona?" anatero Kenny. "Yoyera ngati mpunga."

"Mlonda ameneyu amayang'ana nkhope basi. Akaona burawuza amatsegula geti. Safunsa kuti yabereka ndani kumsana."

Analowa mkati mwenimweni mwa fayawolo, kumene anthu ambiri safikako. Kumeneko kunali kabokosi kosachonga. Kamabwera kotero kuchokera kwa opanga, chifukwa ukakachonga kompyuta imasanduka wapolisi, mafunso osatha. Ntchito yake ndi kugwira pulogalamu iliyonse imene ikufuna kulowa m'thupi mwa inzake yodalirika, kapena kuituma kunja mwakachetechete. Yoswa anakachonga. Anazimitsa laputopu, naiyatsanso, nailumikiza ku foni yake.

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Panja wogulitsa tomato ankakangana ndi kondakitala. Kenaka pakona pagalasi panatumphuka uthenga wachikasu. Kenny anawerama.

"Ikuti chiyani?"

"Ikuti pali kapulogalamu kakufuna kulowa mu burawuza kuti katuluke nayo. Ndilole kapena ndikane." Yoswa anakana. Anatsata dzina lake mpaka anakapeza, katabisala pakati pa mafayilo a printa, katadzipatsa dzina longa la printa. Anayang'ana tsiku limene kanalowa m'makinawo, naliwerenganso kachiwiri.

"Bwanji?" anafunsa Kenny.

"Tsiku lotsatira Khirisimasi."

"Ndiye?"

Sitolo inali yotseka sabata yonse ya Khirisimasi. Laputopu inali kunyumba. Ndipo kunyumbako kunali mlendo wochokera ku Joni, Hopeson, amene ankakonda kuonerapo mafilimu a m'fulashi yake, mkazi wake ali kudimba.

"Kafufute, aise, kanthu koipa ako."

"Ayi," anatero Yoswa akuzula chaja. "Galu wosochera sumupha. Umamumasula, n'kuona khomo limene akalowe."

* * *

Dzuwa linali litayamba kupendekera kuphiri pamene anabwerera. A Silas ndi akulu anzawo anali atatenga kale mipando kupita nayo pansi pa mtengo wina, patali ndi anthu. Yoswa anakodola Mayi Dina. Analowa nawo m'khitchini, momwe munali kazenera koyang'ana pabwalo, naika laputopu pamtondo wovundikira.

"Amayi, tsiku la chilangizo, pakhomo mumalowetsa ndani?"

"A bungwe okhaokha."

"Mumawadziwa bwanji, poti ena amachokera kumipingo ina?"

"Yunifomu."

"Nanga wina atavala yunifomu ya mnzake, n'kuweramitsa mutu?"

Mayi Dina anakhwinyata nkhope. "Angalowe. Ndani angamufunse?"

"Ndi zimene zinachitika umu. Muli kanthu kamene wina anaikamo. Chilichonse chatsopano chikasungidwa, chithunzi kaya mawu, iko kamatenga, n'kudikira intaneti. Pakokha sikangadutse, mlonda angakagwire. Ndiye kamavala yunifomu ya pulogalamu imene mlondayo amaikhulupirira. Mmawa uja, inu mukuwerenga maina a ankhoswe, iko kanali kakutuluka ndi mawu anu. Bandulo inathera pamenepo."

"Zimenezo ukunena ndiwe, mlongo wake."

"N'chifukwa chake sindikufuna mukhulupirire ine. Yankhulani apa chilichonse. Ine sinditumiza kwa munthu. Tingoona kumene mawuwo apite."

Mayiwo anayang'ana makinawo ngati njoka yogona. Anakonza duku, nawerama.

"Iwe amene ukumva mawuwa, ndine Dina. Unandivula pamsika. Mwana wa eni wagona pamphasa opanda nyimbo. Ndati ndikupatse moni."

Yoswa anasunga mawuwo, nalumikiza foni. Uthenga wachikasu uja unatumphukanso. Anawatanthauzira mayiwo liwu ndi liwu, kenaka anasankha kulola kamodzi kokha.

Anaima pakazenera awiriwo. Pansi pa mango abambo ankakambirana za mtengo wa feteleza motsitsa mawu. Hopeson anali pakati pawo, atagwira tsaya. Palibe chinachitika. Yoswa anamva kutopa konse kwa miyezi ija kukumukwera m'miyendo. Mwina kanthuko kankatumiza kumalo amene anatsekedwa kale. Mwina analakwitsa munthu. Kutsidya, a Silas anali ataweramitsa mutu, akutsegula msonkhano ndi pemphero.

"Yoswa," anatero Mayi Dina mofatsa, "mpunga ukundidikira."

Pomwepo Hopeson anapisa m'thumba. Anayang'ana foni monga ankachitira tsiku lonse, koma ulendo uno sanayankhe. Anaiyang'anitsitsa. Anadzutsa mutu, nayang'ana kunyumba, nayang'ana kumsewu. Kenaka anadzuka, nasasa thalauzi, nazungulira kuseri kwa bafa.

Mayi Dina sanadikire kuuzidwa. Anatuluka opanda phokoso, Yoswa ali pambuyo. Mpanda wa bafa unali wa udzu. Asanakhote n'komwe, anamva mawu ochokera kuseri kwake, ang'onoang'ono, a m'sipika ya foni.

"...ndine Dina. Unandivula pamsika..."

Anakhota. Hopeson anali atatsamira mtengo wa papaya, foni ili pafupi ndi khutu. Anayesa kuizimitsa, chala chinaphonya, ndipo mawuwo anamaliza okha: "Ndati ndikupatse moni."

"Mwaulandira moniwo, bambo?" anafunsa Mayi Dina.

Hopeson anayang'ana mayiwo, nayang'ana Yoswa.

"Alamu, mumvetse. Munthu uli kutali, zaka. Anzako akukuuza kuti mkazi wa sitolo amacheza ndi aliyense, maticha, apolisi. Mnyamata wina wokonza mafoni anandipatsa pafulashi, anati ungobaya basi, uziona zonse. Sindinkafuna zoipa ine."

"Nanga mawu a amayiwa?"

"Ndinangomvetsa anyamata m'chipinda, kuti tiseke. Eish. Nickson ndi amene anaponya pagulupu, ine osadziwa."

"Atadulidwa munadziwa," anatero Yoswa. Mawu ake anatuluka ophwa, opanda ukali. Ukali unafuna mphamvu, ndipo iye analibe. "Ankakuimbirani akulira, ine ndili pomwepo. Inu munkati, vomera, Jacinta, ulape, zithe."

"Ndikanati chiyani? Ukwati ukanatha."

"Ndifunse chimodzi, alamu. Miyezi yonse ija munkaona za m'makinamu. Munapezamo chiyani?"

Hopeson anayang'ana pansi.

"Munapezamo chiyani?"

"Mapulogalamu a maliro," anatero Hopeson. "Nyimbo za kwaya. Ndi zithunzi zanga, zimene ndinkamutumizira."

Mayi Dina anatambasula dzanja. Hopeson anawapatsa foniyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Mayiwo anaigwira ndi nsonga za zala, nadutsa nayo pabwalo ponse, pakati pa abambo, mpaka pamtengo pamene panakhala akulu ampingo. Sanagwade. Yoswa sanawatsatire. Anabwerera m'khitchini, nakana uthenga wachikasu umene unali utatumphukanso, natseka laputopu. Anakhala panjerwa pake paja.

Anamva mawu a Mayi Dina akubwerezedwa kutsidyako, kenaka phokoso la abambo, kenaka wina akuti apolisi, wina akuti tiike kaye maliro. Zonsezo zinkamveka kutali, ngati wailesi ya kwa aneba. Anadikira kuti mtima usangalale. Sunasangalale. Kabokosi kamodzi kosachonga. Jacinta anafa akudziwa kuti sanalakwe, koma osadziwa kuti zinatheka bwanji, ndipo masiku ena, malungo akakwera, ankafunsa ngati mwina chala chake chinabaya penapake iye osaona.

A Silas anabwera chipewa chili m'manja.

"Mtanda ubwera mmawa," anatero. "Abusa tawaimbira." Anamugwira paphewa napita.

Amayi anayamba kutuluka m'nyumba awiriawiri, akumwazikira m'tinjira ta m'minda ya mpunga, aliyense kwawo. Pobwerera, njira zomwezo zinayera ndi mabulauzi. Mayi Dina anafika pomalizira, duku woyera ali pamutu, maso atatupa. Anaima patsogolo pa Yoswa.

"Yake ili kuti? Tikufuna timuveke."

Yoswa analowa nakaitenga m'sutikesi. Anaipereka ndi manja awiri.

"Njochapa. Ankandichapitsa ndi kundisititsa Lachinayi lililonse, ngakhale sankapita. Ankati tsiku lina adzandiitana."

Mayi Dina anafunyulula bulauziyo. Pachifuwa pake panali mzere wa makona anayi, pamene panagona laputopu. Anausisita ndi chikhatho, koma sunachoke.

M'nyumba muja wina anayambitsa nyimbo, ndipo amayi onse anailandira mpaka malata analira. Abambo pansi pa mango anavula zipewa.

"Bweretsani, amayi," anatero Yoswa. "Sangapite ndi khwinya."

Anatenga nsimbi pawindo la khitchini, napita pamoto wa pamaliro kukapala makala.